Kavalo Woyenda Cham'mbali

Chaka chimene anayala unyolo pansi pa mtsinje wa Main, anthu a ku Rabenfurt anaseka mpaka kugwira nthiti. Unyolo m'madzi, kuchokera kumunsi kwenikweni mpaka kwathu kuno? Kodi akufuna kuumanga mtsinje ngati galu? Amene anaseka koposa onse anali Burkard Imgrund, ndipo simukanamunena. Agogo ake, bambo ake ndi iye mwini, onse anakulira pamsana pa kavalo, akukoka ngalawa za eni kukwera nazo mtsinje. Potsika, ngalawa imayenda yokha ndi madzi, itadzaza miyala yofiira ya m'mapiri mwathumu, matabwa ndi migolo ya vinyo. Koma kuti ibwerere kumtunda ndi mchere, zitsulo ndi nsalu, pamafunika chingwe chachitali, akavalo m'mbali mwa mtsinje, ndi munthu wouma mutu ngati Burkard.

Tauni yonse inkadyera pa chingwe chimenecho. Wopota zingwe ankadyera pomwepo, wosula nsapato za akavalo chimodzimodzi, alimi ogulitsa udzu wouma, mwini nyumba ya alendo ya Nangula ndi khola lake lalitali lija, mpaka wansembe amene ankadalitsa akavalo chaka ndi chaka n'kulandirira botolo la vinyo kukhomo lakumbuyo. Kuyambira kale Rabenfurt sinalemerepo, komanso sinagonepo ndi njala.

Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chokha chinabwera chikulira. Inali sitima yayitali, yathyathyathya, yodzikoka pa unyolo uja, kuutola kutsogolo n'kuulavulira kumbuyo, ngalawa zili mndandanda pambuyo pake. Lipenga lake linkamveka ngati ng'ombe yosowa mwana wake, ndipo dzina linamera pomwepo: Ng'ombe. Tsiku loyamba anthu anaigenda ali pagombe, Burkard akuchemerera. Ng'ombe sinacheuke n'komwe. Inangopitirira, unyolo uli gwedegwede, itakoka katundu amene akavalo onse a m'tauni sakanamusuntha.

Sipanapite zaka zambiri, wopota zingwe anatseka n'kukakhala kwa mwana wake ku Frankfurt. M'khola la Nangula anayamba kusungamo malasha a Ng'ombe yomweyo, nanga manyazi amadyedwa? Anzake a Burkard anagulitsa akavalo mmodzimmodzi, ena n'kuyamba kusenza malasha padoko. Iye anati bola kufa, n'kukalowa ganyu kophwanya miyala kuphiri. Akavalo ake awiri amene anali akadali aang'ono anawagulitsa. Anatsala ndi Fanni, kavalo wamkazi wofiirira, wa banga loyera pamphumi, amene anamulandira ndi manja ake tsiku lobadwa, n'kuyenda naye mtsinje wonsewu pamvula ndi padzuwa. Akavalo okoka ngalawa sakalamba, amathera panjira. Koma Fanni anakalamba, chifukwa Burkard ankalolera kuti iye mwini agone ndi njala, kavalo adye.

Inali nyengo ya Lenti, chisanu chikuyamba kuleka, pamene mkazi wake Apollonia, amene tonse tinkangomuti Loni, anatsika kudenga la khola, kumene ankasungako udzu, kamtolo kali m'manja. Anakaponya patebulo, pambali penipeni pa mbale ya mbatata ndi kabichi imene mwamuna wake ankadya.

"Burkard, taonani chuma chanu," anatero Loni. "Kupatula aka, watsala wa mbuzi basi, ndipo mbuziyo imatipatsa mkaka. Winayo amatipatsa chiyani? Ndowe!"

"Ndowezo si zimene zimakunenepetsera kabichi?"

"Musandiseketse, sindikuseka ine. Munda tilibe, dambo tilibe, msipu wa m'mbali mwa mtsinje uli ndi eni ake. Achimwene anabweranso dzulo."

Achimwene akewo anali Pankraz, wogulitsa nyama pamsika, amene soseji zake za kavalo zinkadziwika mpaka tsidya. Burkard anaika supuni pansi.

"Uwauze alamuwo kuti ino ndi Lenti. Akhristu sakudya nyama."

"Akudziwa. N'chifukwa chake ati adikira mpaka Lolemba, likangopita Lamulungu la Kanjedza, kuti pofika Pasaka soseji zikhale zitauma pa utsi." Loni anakhala pansi, mawu ake n'kutsika. "Musandiyang'ane ngati mfiti. Nanenso ndimamukonda. Koma kumuonerera akuonda mpaka kudzagwa yekha m'kholamo, chikondi chake n'chimenecho? Mupezereni ntchito kwa munthu woti azimudyetsa. Mukalephera, apite kwa achimwene."

Mawuwo anamulasa Burkard chifukwa anali oona, ndipo palibe chomwe chinkamukwiyitsa ngati mkazi wake akanena zoona. Anatola kamtolo kaja n'kupita nako kukhola.

M'mawa mwake anamupesa Fanni mpaka ubweya kuchita kuwala, n'kupita naye kofululira mowa kwa a Veit Kempf, amene ankafuna kavalo woperekera migolo m'midzi ya kumapiri. A Kempf anamuyang'ana mano, anamusisita miyendo, n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Wakula, koma chifuwa ichi n'cha ntchito. Timuyese."

Anamumanga pa ngolo, anakweza migolo, a Kempf n'kukhala pampando zingwe zili m'manja. Fanni anangoponda kamodzi, ngolo inanyamuka ngati mulibe kanthu. Mtima wa Burkard unayamba kukhala pansi. Koma atangotuluka pachipata, kavalo uja anayamba kupendekera kumanja. A Kempf anakokera kumanzere, iye anapendekera koposa. Anakokanso mwamphamvu, Fanni anaikapo mphamvu zake zonse, thupi lili cham'mbali, ndipo gudumu lakumanja linalowa m'ngalande, khutchu! Mgolo umodzi unagubuduzika msewu wonse mpaka kukaima pakhomo la tchalitchi.

Apa ndiye panagona nkhani, ndipo Burkard ankaidziwa, kungoti ankaganiza kuti mwina tsiku limenelo Mulungu aiwalako. Kavalo wokoka ngalawa sakoka katundu ali kumbuyo kwake. Ngalawa imakhala pakati pa mtsinje, iye ali pamtunda, ndipo m'njira imene Fanni anayendamo moyo wake wonse madzi ankakhala kumanzere. Chingwe chimamukokera kumadzi, iye amalimbana nacho potsamira kumanja. Akalekerera pang'ono, wagwera mumtsinje. Chaka ndi chaka thupi limazolowera, mpaka phewa lina kukula kuposa linzake. Ndiye ukamukokera kumanzere, iye amayesa ndi mtsinje ukufuna kumumeza, n'kukana ndi moyo wake wonse. Fanni sanalakwe kanthu. Anachita ndendende zimene Burkard anamuphunzitsa.

Akuluakulu oothera dzuwa pakhonde la Nangula anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe Burkard, kodi ameneyu ndi kavalo kapena nkhanu?" anafuula mmodzi.

"Walawa za m'migolomo!" anatero wina. "Pita naye kwa wansembe akalape. Kuledzera m'Lenti!"

Ndipotu onse osekawo anali anthu a chingwe, oti akavalo awo ankayenda chimodzimodzi asanawagulitse. Kuseka kwina n'kulira kumene. Burkard anawayang'ana mmodzimmodzi mpaka anayamba kuyang'ana m'makapu mwawo.

A Kempf anatsika pa ngolo akudzisasa fumbi. Sanakalipe.

"Pepa, m'bale wanga. Ndikanamutenga ndithu, mphamvu ali nazo. Koma misewu ya kumapiri uku ili ndi maphompho, ndipo ine ndili ndi ana."

Sabata yotsatira anayesa kwa mlimi wina wa tsidya, amene ankalima munda wa mbatata. Fanni anakoka pulawo mosanyinyirika, koma mzere uliwonse unkayamba bwinobwino n'kukathera m'munda wa mnzake. Mlimiyo anavula chipewa, anakanda m'mutu, n'kunena kuti sanakonzeke kukangana malire ndi anthu. Kophwanya miyala, kapitawo anakana asanamuone n'komwe, chifukwa mbiri ya nkhanu inali itakwera kale phiri. Burkard anayesa kumuongola yekha masana akaweruka, kumuyendetsa m'mphepete mwa khoma la manda, kumunyengerera, tsiku lina mpaka kumukalipira. Fanni anangomuyang'ana ndi maso ake akuluakuluwo, osamvetsa chimene walakwa. Burkard anachita manyazi, n'kumupatsa chidutswa cha buledi chimene anasungira nkhomaliro yake.

Lamulungu la Kanjedza, Misa itatha, Pankraz anamudikira pansi pa masitepe a tchalitchi, kanthambi kodalitsidwa kali m'manja. Anali munthu wonenepa, wofatsa mawu, woti mutakumana naye simungaganize kuti amapha nyama.

"Alamu, mawa ndiye mawa. Mubwere naye m'mawa, anthu asanachuluke mumsewu."

"Mwanola kale mipeni? Mwachangamuka, alamu. Mlongo wanu ndinamukwatira popanda kumuyang'ana mano, inu kavalo wanga mwamuyeza kale ndi maso."

"Nenani zonse, zituluke," anatero Pankraz, osakwiya. "Ine sindikusowa nyama. Ndikanatha kugula wonenepa kwa alimi. Ndikuchitira Loni, ndikuchitiranso inu. Dzanja langa n'lopepuka, sadzamva kanthu. Mukamusunga, pofika mwezi wamawa mudzamukoka atafa, chingwe chili kumiyendo, n'kukamutaya kwa osenda zikopa. Musankhe nokha."

"Ndipo pa Pasaka mudzatitumizira soseji, kuti tidzadye mosangalala?"

"Sindidzatumiza. Ndine wopha nyama, alamu, sindine chilombo."

Burkard anafuna kutukwana, koma tukwano linakana kutuluka. Munthu wokuchitira chifundo ndi wovuta kulimbana naye. Anavala chipewa n'kumapita, osatsanzika.

Lolemba m'mawa anadzuka n'kupeza Loni kulibe, moto wozima, khofi osaphika. Anaganiza kuti wathawira kwa anzake kuopa kuona, ndipo sanamudandaule. Analowa m'khola, anamupesa Fanni pang'onopang'ono, anamutsuka ziboda, anamupatsa udzu wa mbuzi wonse umene unatsala, mbuzi ikuonerera. Kenako anamumanga chingwe cha kumutu n'kutuluka naye. Fanni ataona kuti akulowera kumtsinje, anaimika makutu, n'kuyamba kuyenda mwachangu ngati kale. Zimenezi ndiye zinamumaliza Burkard. Misozi inatsika, iye osaipukuta.

Pachitsime cha pamsika, pamene njira imakhotera kwa Pankraz, anakumana ndi Loni akubwera chothamanga, mpango utapendekera, nsapato ndi mpendero wa diresi zili dongo lokhalokha.

"Njira si imeneyo, tembenukani!" anatero akupuma movutikira. "Kwa Kuni Zöller, koumba njerwa. Ng'ombe yake yopondera dongo inathyoka mwendo Loweruka. Ndamva dzulo kutchalitchi, ndalawirira komweko. Wati tibwere naye amuyese."

"Ukudziwa zimene zinachitika kwa a Kempf."

"Ndikudziwa, tauni yonse ikudziwa. Koma kumeneko kulibe msewu, kulibe mzere. Amangozungulira. Inu mwaima chiyani? Achimwene adikira, sakufa."

Koumba njerwako kunali kumapeto kwa tauni, kuseri kwa minda ya mpesa. Mayi Kunigunde Zöller anali wamasiye, wamfupi, wa mikono yolimba, amene anatenga ntchito ya mwamuna wake tsiku lotsatira maliro. Chaka chimenecho njerwa zinali pamsika, chifukwa a sitima ankamanga nyumba yaikulu yosungiramo malasha padoko latsopano. Oumba ake anali atakhala pansi, zikombole zili mbwee, akudikira dongo.

Chopondera dongo chinali dzenje lalikulu lozungulira, lodzaza dongo ndi madzi. Pakati panali nsanamira, ndipo pa nsanamirapo panachoka mtengo wautali wopingasa, wokoka gudumu lolemera lachitsulo m'dongomo. Nyama inkamangidwa kunsonga ya mtengowo n'kumazungulira m'mphepete mwa dzenje tsiku lonse.

"Ndi ameneyu wotchukayu?" anatero Mayi Zöller, akumuzungulira Fanni. "Waonda, koma mafupa ake ndi abwino. Kuno udzu ndi gaga sizisowa. Akagwira ntchito, adya. Mumangeni."

Oumba awiri anamumanga monga ankamangira ng'ombe ija, dzenje lili kumanja kwake. Mayi Zöller anaomba m'manja, Fanni ananyamuka, gudumu linalira n'kuyamba kuyenda. Loni anagwira mkono wa mwamuna wake. Koma asanafike ndi theka la bwalo, Fanni anatsamira kumanja monga mwa nthawi zonse, mwendo unaterereka m'mphepete, ndipo analowa m'dongo mpaka m'maondo, phava! Dongo linathovukira aliyense amene anali pafupi.

"Mayo ine!" anatero Mayi Zöller, akupukuta kumaso. "Ndinamva kuti ndi nkhanu, ndimayesa nthabwala za kumowa."

Palibe anaseka. Burkard analowa m'dzenjemo ndi nsapato zomwe, anamumasula, anamutulutsa akumulankhula chapansipansi. Loni anatembenuka n'kuyang'ana ku uvuni, mpango uli pakamwa. Burkard anatunga madzi mu ndowa n'kuyamba kumutsuka, osati chifukwa zinali zofunika, koma kuti achedweko pang'ono asanayambe ulendo wa kumsika. Akutsuka chomwecho, anayang'ana dzenje lija, madzi ake ofiira akugwedezeka, anayang'ana mtengo wopingasa uja, ndipo dzanja lake linaima.

"Mayi Zöller," anatero, "mtsinje mwauika kolakwika."

"Mtsinje uti, bambo inu? Main ali uko."

"Dzenjeli. Kwa iye ndi mtsinje, mtengowu ndi chingwe. Zikhale kumanzere kwake. Akatsamira kumanja azitsamira kunja, mtengo uzimugwira. Tingomutembenuza, azizungulira chakuno."

Mayi Zöller anapukusa mutu asanamalize n'komwe.

"Ayi, zimenezo ndiye ayi. Dongo limapondedwa motsata dzuwa. Apongozi anga ankatero, bambo awonso ankatero. Ukalipondera mobwerera, njerwa zimang'ambika mu uvuni. Funsani aliyense woumba njerwa, akuuzani."

Oumba aja anavomereza ndi mitu, wina mpaka kudzilemba chizindikiro cha mtanda. Sanali kunama kapena kuuma mtima. Anakula akudziwa zimenezo, ndipo uvuni wathunthu wa njerwa zong'ambika ndi njala ya mabanja awo.

Burkard anavula chipewa. Munthu amene sanavulirepo chipewa eni ngalawa, ngakhale meya, anaima pamaso pa mayi wamfupiyo mutu uli pamtunda, dongo likuchucha m'mathalauza.

"Sindinapemphepo kanthu kwa munthu m'tauni muno. Lero ndikupempha. Mukakana, sindikudandaulani, koma pochoka pano ndikupita naye kwa alamu anga. Kwina kulibe."

Mayi Zöller anayang'ana pansi. Apa Loni anatembenuka, maso ali ofiira.

"Kuni, ine ndi iwe tinalandira Ukaristia woyamba tsiku limodzi, ndiye ndikuuza mosabisa. Nafenso tinkadziwa kuti ngalawa siingakwere mtsinje popanda kavalo. Agogo ankatero, bambo awonso ankatero, tauni yonse inkadziwa. Taona lero mmene tilili."

Mayi Zöller anayang'ana zikombole zopanda kanthu, anayang'ana oumba ake okhala pansi, anayang'ana Fanni. Kenako anafwenthera m'kansalu mwaphokoso.

"Malemu amuna anga ankati dongo lilibe maso, kungoti ankaopa bambo awo. Ndiponso njerwa zimenezi n'za a malasha. Zikang'ambika, ziwang'ambikire iwowo!" Oumba anaseka, mmodzi yekha ndiye anapitiriza kung'ung'udza. "Mutembenuzeni. Koma bambo Imgrund, mumve kaye ziwiri. Choyamba, nyama yozungulira timaiphimba maso, apo ayi imachita chizungulire n'kugwa. Chachiwiri, ndikufuna kavalo, sindikufuna mwini wake. Ndinaonapo zimenezi. Mukamabwera kudzamuona, azingotchera khutu kuchipata, kudya osadya, ntchito osagwira. Mukamusiya, mumusiye. Mpaka titatseka uvuni chisanu chikamabwera, musaponde kuno."

Burkard anayang'ana Fanni. Kavalo wa msinkhu wa Fanni, ndani angalonjeze kuti adzafika chisanu china? Anayang'ana Loni, Loni sanamuthandize.

"Ndamva," anatero.

Anabweretsa chophimba maso, zikopa ziwiri zakuda zosokerera pa lamba. Woumba wina anayesa kumuveka, Fanni anaponya mutu m'mwamba, n'kubwerera m'mbuyo. Anayesanso, anakana. Burkard anatambasula dzanja, woumbayo n'kumupatsa chophimbacho. Anaima patsogolo pa kavalo wake, anamusisita pa banga loyera lija, Fanni n'kutsitsa mutu yekha ngati mwana wofuna kuvekedwa chipewa. Kavaloyo anamuyang'ana komaliza ndi maso odalira, ndipo Burkard anawaphimba ndi manja ake, n'kumanga lamba kuseri kwa makutu.

Anamumanga kunsonga ya mtengo, dzenje lili kumanzere. Burkard anaika dzanja pakhosi pake, analiza lilime monga ankachitira pagombe ngalawa ikamasulidwa.

"Tiye, mayi. Tiye, ngalawa yadzaza lero."

Fanni anamva kulemera kukuchokera kumanzere. Makutu anaima. Anaponda pansi mwamphamvu, anatsamira kumanja ndi phewa lake lalikulu lija, mtengo unamugwira, ndipo gudumu linayamba kudula dongo mosadodoma. Anazungulira kamodzi, osaterereka. Anazunguliranso. Mapazi ake ankagwa pomwepomwepo, mutu uli pansi, mpweya ukutuluka bwinobwino, monga kavalo amene wabwerera pa ntchito yake. Oumba anadzuka n'kuyamba kutola zikombole.

Burkard ankayenda pambali pake, dzanja lili pakhosi, akumuuza njira yawo yakale ya m'mbali mwa mtsinje ngati kuti akuyendamo.

"Tadutsa msondodzi waukulu uja. Ona, miyala apa, ponda bwino. Uko ndi ku Wertheim, ukuona nyumba ya mfumu paphiripo? Tisaime, madzi ndi abwino lero. Tiye. Pakhonde lija pali mayi wogulitsa maapozi, tidzagula pobwera."

Fanni ankagwedeza khutu lakumanja pa mawu aliwonse. Anadutsa Lengfurt. Anadutsa madambo a ng'ombe, anadutsa pokhotera pamene madzi amathamanga, Burkard akumulimbikitsa, iye n'kuonjezera mphamvu pa dongo la Mayi Zöller. Loni anaima pachipata, akulira poyera tsopano, osabisanso.

Mayi Zöller anamuyang'ana Burkard, n'kugwedeza mutu kamodzi, kuloza kuchipata ndi chibwano.

"Ku Rothenfels uko," anatero Burkard, mawu akutsika. "Wachita bwino, mayi. Pitiriza chomwecho."

Anachotsa dzanja pang'onopang'ono. Anayenda nayebe pang'ono, osamukhudza. Kenako anaima, kavalo n'kupitirira yekha, atatsamira kumanja, akukoka ngalawa yake. Burkard anatuluka m'bwalomo chobwerera, akuponda pa udzu kuti nsapato zisamveke. Fanni anadutsa pafupi naye, pafupi moti akanatha kumugwira mchira, ndipo Burkard anagwira mpweya mpaka atapita.

Pachipata Loni anafuna kulankhula, koma iye anamugwira pamkono n'kumukokera kumsewu.

"Tiye msanga," ananong'ona. "Watsala pang'ono kufika ku Lohr. Pamenepo amaima kuti amwe madzi, ndipo amatembenuka kundifuna."